Idle yakwera mutatsuka throttle body: mmene mungapezere chavuta

Throttle body (chida chokhala ndi kachitseko kolowetsa mpweya mu injini mukaponda moto) ikatsukidwa, galimoto zambiri zimayamba kulira mokweza kuposa kale. Injini yomwe inkakhazikika pa 700 rpm (maulendo omwe imazungulira pa mphindi imodzi) ikatentha mumaipeza ili pa 1,200 kapena 1,500, nthawi zina ikukwera ndi kutsika yokha. Ngati ndi ya automatic, mukalowetsa giya ya D imagwedeza, n'kumafuna kunyamuka phazi lili pa buleki. Apa ambiri amathamangira kabawuti komwe kamaimitsa kachitseko ka throttle n'kuyamba kukapotokola. Musakakhudze. Kabawuti kameneko kanatchereredwa ku fakitale, kawirikawiri kamakhala ndi kadontho ka penti, ndipo mukakasuntha mwadziwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Injini ya petulo siingathamange popanda mpweya. Idle, yomwe ndi liwiro lomwe injini imalira nalo musanaponde moto, ikakwera ndiye kuti mpweya ukulowa wochuluka, ndipo ntchito yanu yonse ndi kupeza pomwe ukudzera. Mwina kompyuta ya injini ikutsegula yokha njira ya mpweya mopitirira muyezo. Mwina kachitseko sikakubwerera mpaka pamalo pake. Mwinanso injini ikuba mpweya pambali, pa gasiketi kapena pa payipi yomwe sinabwezeredwe bwino. Choyambacho ndicho chimachitika kwambiri, koma chimakonzedwa pomalizira, chifukwa kompyuta siingaphunzire idle yolondola mpweya ukulowabe pambali.

Chifukwa chake kutsuka kumakweza idle

Pa idle kachitseko kamakhala pafupifupi kotseka, mpata wake ndi wochepa zedi. Nthunzi ya oyilo yochokera mu injini, yomwe imabwezedwa kunjira ya mpweya kudzera m'mapayipi opumira, imasakanikirana ndi fumbi n'kupanga mwaye womata m'mphepete mwenimweni mwa mpatawo. Galimoto yoyenda m'misewu yafumbi, makamaka ngati air filter ndi yotha kapena bokosi lake silitsekeka bwino, imaunjika mwayewu msanga. Mpata ukamachepa, kompyuta imatsegula mowonjezera pang'onopang'ono kuti injini isazime, ndipo imasunga muyezo watsopanowo. Mukachotsa mwaye wa zaka zingapo m'mphindi 10, kompyuta imatsegulabe monga inazolowerera, koma tsopano njira ndi yoyera ndipo mpweya wodutsa ndi wambiri. Zili ngati munthu wozolowera kukankha mwamphamvu chitseko chothina: mmisiri akachipala, iye amakankhabe chimodzimodzi mpaka chitseko kumenya khoma.

1. Tsimikizani kuti idle ndi yokweradi

Injini yozizira imayenera kulira mokweza, pakati pa 1,200 ndi 1,500 rpm, kenako n'kumatsika pamene ikutentha. Muyezo weniweni umatengedwa injini itatentha mpaka fani ya redieta italira n'kuzima kamodzi. Zimitsani AC, magetsi, wailesi ndi fani ya m'kati, wongolani chiwongolero, giya ikhale pa P kapena N. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za petulo zimakhazikika pakati pa 600 ndi 800 rpm. Nambala yeniyeni ya galimoto yanu ili m'buku la makaniko, ndipo pa galimoto zina inalembedwa pa kapepala komata kunsi kwa boneti.

Funsaninso ngati thermostat, valavu yoletsa madzi kupita ku redieta injini isanatenthe, ilimo. Chizolowezi choichotsa poganiza kuti dziko lotentha siliifuna chimasokoneza zambiri. Thermostat ya injini zambiri za Toyota imatseguka cha pa madigiri 80 mpaka 84, ndipo popanda iyo madzi amachedwa kutentha, mwinanso pamsewu wautali safika n'komwe pa 70. Kompyuta imaona ngati injini ikadali yozizira, imasunga idle pamwamba, ndipo imakana kuphunzira idle yatsopano ngakhale mutsatire ndondomeko yake molondola. Ngati mulibe thermostat, ikanimo kaye.

2. Dziwani mtundu wa throttle yanu

Yang'anani pambali pa throttle body. Ngati pali kebulo yochokera ku pedulo ya moto yokulungidwa pa kagudumu, ndi ya mtundu wakale. Pa mtundu umenewu kachitseko kamakhala pafupifupi kotsekeratu pa idle, ndipo mpweya umalambalala kudzera pa valavu ya IAC yomangidwa pa throttle body pomwepo, yomwe kompyuta imaitsegula ndi kuitseka powongolera idle. Ngati palibe kebulo, pali bokosi lakuda la pulasitiki ndi soketi ya mawaya, kawirikawiri asanu ndi limodzi, ndiye kuti ndi yamagetsi. M'kati mwake muli mota, timagiya ndi masensa awiri owerenga pomwe kachitseko kali, ndipo valavu ya IAC palibe. Galimoto monga Nissan Tiida, Nissan Note ndi Toyota Vitz yoyambira mu 2005 zili ndi yamagetsi.

3. Bwererani ponse pomwe manja anadutsa

Injini itazima, yambirani pa bokosi la air filter mpaka pa manifold (mapayipi ogawa mpweya kumasilinda a injini), mukugwira chilichonse ndi dzanja, osati kungoyang'ana.

Payipi yaikulu ya labala yolowa pa throttle body ikhale yolowa mokwanira kuzungulira konse, makamaka kunsi komwe maso safika, ndipo kalampu yake ikhale yomanga. Ipindeni pang'ono pamakwinya ake: labala wakale amang'ambikira m'makwinyamo pamene mumaikoka pochotsa, ndipo mng'aluwo suoneka mpaka mutaupinda.

Ngati munachotsa throttle body yonse, gasiketi ndiyo yoyamba kuikayikira. Yapepala kapena yachitsulo siyenera kubwezeredwa yakale. Yalabala yokhala m'kangalande ka manifold ya pulasitiki imaphwatalala ndi zaka, ndipo nthawi zina imatuluka m'kangalandemo n'kupanidwa pomanga. Musaike silikoni m'malo mwake, chifukwa wotsalira amafinyikira m'kati n'kugwira kachitseko. Mabawuti amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono. Aang'ono a M6 kawirikawiri amafuna cha pa 10 Nm basi, ndipo mukawakoka ndi mphamvu zonse mumapotoza throttle body kapena kuzula ulusi wa mu pulasitiki.

Werengani timapayipi tonse ta vacuum, tomwe injini imakokeramo mpweya: ya PCV (valavu yobweza nthunzi ya oyilo kunjira ya mpweya), yopita ku booster ya buleki, ya valavu ya purge yochokera ku thanki ya mafuta, ndi ina iliyonse yolowa pa manifold. Kapayipi kamodzi koiwalika, kabowo kake ngati ka bolopeni, kakhoza kukweza idle ndi ma rpm mazana angapo. Masoketi a MAF (sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini), a throttle ndi a IAC alowe mpaka kumveka kuti thwa, ndipo muunikemo ndi tochi kuona ngati palibe kapini kopindika kapena mankhwala otsukira otsalira.

Throttle body zambiri zili ndi timapayipi tiwiri ta madzi a injini. Mukatichotsa, mpweya umalowa m'njira ya madzi. Mpweyawo ukakhala pa sensa ya kutentha, kapena pa valavu ya idle yodalira madzi otentha monga ya pa Honda zakale, injini imakwera ndi kutsika mosalekeza. Injini itazizira, tsegulani chivindikiro cha redieta, dzazani madzi, ilizeni heater ili pa kutentha kwambiri mpaka thovu litasiya kutuluka. Timapayipi tiwiri tija tonse tizitentha injini ikatentha.

4. Onani ngati kachitseko kakutseka

Chotsani payipi yaikulu kuti muone kachitseko. Pa throttle ya kebulo, tsegulani ndi dzanja pa kagudumu n'kusiya: kazibwerera msanga mpaka kugunda pa kabawuti kake. Kebulo ikhale ndi kulendewera pang'ono, mamilimita ochepa, kachitseko kasanayambe kusuntha. Ikakhala yokungika, chifukwa inabwezeredwa pa bulaketi molakwika kapena inadutsitsidwa njira ina, imagwira kachitseko kali kotseguka pang'ono. Poyesa, ichotseni pa kagudumu n'kuliza injini. Idle ikatsika, vuto mwalipeza. Muonenso kapeti ngati sakupanikiza pedulo.

Pa throttle yamagetsi, musaike zala m'kati kiyi ali pa ON, chifukwa mota yake ili ndi mphamvu yokhoza kuvulaza. Kiyi atazimitsidwa kachitseko kamakhala kotseguka pang'ono dala, kuti galimoto izitha kukwawa mota ikafa, choncho mpata umenewo si vuto. Vuto ndi ulusi wa nsanza kapena chibulumwa cha mwaye chokankhidwira pa shafti, komanso timagiya ta pulasitiki tothyoka chifukwa chokankha kachitseko mwankhanza potsuka. Uzani mnzanu aike kiyi pa ON osaliza injini, aponde pedulo pang'onopang'ono inu mukuyang'ana. Kachitseko kaziyenda mosadukiza, kopanda kugwiragwira kapena phokoso lokukuta.

Pali chinanso chomwe sichibwezeka. Throttle body zina zinapakidwa ku fakitale utoto wakuda kapena wotuwa m'mphepete mwa kachitseko, wothandiza kutseka mpata komanso kuti mwaye usamatirire, moti pa Ford zina panamatidwa chenjezo loletsa kutsuka. Wotsuka ndi bulashi ya waya, sandipepa kapena thina amauchotsa poganiza kuti ndi litsiro. Ngati throttle body ndi ya kebulo, ichotseni pa injini, mutseke kachitseko n'kuunika ndi tochi kumbuyo. Kuwala kuzioneka ngati kamzere kopyapyala kwambiri. Kukaoneka mpata waukulu mbali imodzi, kapena shafti ikamagwedera mukaikankhira m'mwamba ndi pansi, throttle body imeneyo yatha.

5. Werengani zomwe kompyuta ikuona

Lumikizani sikana (makina owerenga kompyuta ya galimoto) pa soketi yake ya OBD pansi pa chiwongolero. Galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizilankhula ndi timasikana totchipa ta Bluetooth, choncho sikana ikakana kulumikiza musafulumire kunena kuti kompyuta yafa, yesani ina yodziwa galimoto za ku Japan.

Sikana imaonetsa ma code, manambala a mavuto omwe kompyuta yasunga. Code ya P0507 imangonena kuti idle yaposa yomwe kompyuta ikufuna, siinena chifukwa. P0505 ikuloza dongosolo la idle, P0171 ikutanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta, ndipo ikabwera pamodzi ndi P0507 mutangotsuka, funani pomwe mpweya ukubedwa. P0121, P0122, P0123 ndi P2135 ndi za sensa ya throttle, P2111 ndi kachitseko kokanirira kotseguka, pomwe P0115 mpaka P0118 ndi za sensa ya kutentha kwa madzi. Lembani ma code onse musanafufute.

Manambala a injini ikulira ndiwo amathandiza kuposa ma code. Yambani ndi kutentha kwa madzi: injini yotentha izionetsa pakati pa madigiri 80 ndi 100. Ikamaonetsa 40 pamene payipi ya redieta ikuwotcha dzanja, sensa kapena waya wake ndiye wolakwa. Sensa yamtunduwu pa Toyota imawerenga cha pa 2,500 ohm pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha pa 300 ohm pa madigiri 80.

Kenako onani fuel trim (muyezo wa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa), yaifupi ndi yaitali, muziphatikize. Zikakhala pakati pa -10% ndi +10% palibe chodetsa nkhawa. Zikakwera kufika +15% kapena +20% pa idle, koma n'kutsikira pafupi ndi ziro mukagwira injini pa 2,500 rpm, chimenecho ndi chizindikiro chodalirika cha mpweya wolowera pambali. Kabowo n'komweko, koma pa 2,500 rpm mpweya wake umakhala wochepa poyerekeza ndi wonse wolowa. Izi zimagwira pa injini yokhala ndi sensa ya MAF. Pa injini yodalira sensa ya MAP yokha, yomwe imayeza mphamvu ya mpweya mu manifold, kompyuta imauwerenga ndithu mpweya wobedwawo n'kuwonjezera mafuta, motero trim imaoneka yabwino pamene idle ili m'mwamba kwambiri.

Chomaliza, yerekezani idle yomwe kompyuta ikufuna ndi yomwe ilipo. Ngati ikufuna 700, injini ili pa 1,300, ndipo IAC kapena kachitseko katsekedwa mpaka pomaliza, kompyuta ikuyesetsa kutsitsa koma mpweya ukudzera pomwe iyo siingatseke. Ngati ikufuna 1,200 ndipo injini ili pa 1,200, kompyuta ikukweza dala: yauzidwa kuti injini ndi yozizira, kuti AC yayaka, kuti batire lafooka, kapena kuti pedulo yapondedwa. Pa throttle ya kebulo, sensa ya TPS (yowerenga pomwe kachitseko kali) kachitseko katatseka imapereka mphamvu yosafika 1 V, kawirikawiri pakati pa 0.5 ndi 0.9 V. Ngati inamasulidwa potsuka n'kubwezeredwa mopendekera, kompyuta siidziwa kuti phazi lachoka pa moto.

6. Sakani pomwe mpweya ukubedwa

Njira yosavuta ndi kupana mapayipi a vacuum limodzilimodzi ndi pulayala yokulungidwa nsanza, injini ikulira. Mukapana ya booster idle n'kutsika, booster kapena payipi yake yabooka. Mukapana ya purge n'kutsika, valavu yake yakanirira yotseguka. Ya PCV imasintha idle pang'ono chabe ikakhala yabwino, koma ikatsitsa kwambiri valavuyo isinthidwe. Mapayipi a pulasitiki olimba musawapane, amasweka. Achotseni n'kutseka bowo la pa manifold ndi chala.

Pa throttle ya kebulo pali kuyesa kwina kofulumira. Payipi yaikulu itachotsedwa, pa injini yomwe imalira popanda MAF, tsekani ndi chala kabowo ka IAC komwe kali kutsogolo kwa kachitseko. Injini iyenera kutsika kwambiri kapena kuzima. Ikatero, mpweya wochulukawo umadzera pa IAC, ndiye kuti valavuyo yakanirira kapena ikutsegulidwa ndi kompyuta. Ikapitiriza kulira mokweza, mpweya ukudzera pa kachitseko kapena pambali.

Makina a utsi ndiwo abwino koposa: injini itazima, utsi umaponyedwa mu manifold ndipo umatulukira pabowo. Popanda makinawo, fayirani madzi pang'ono kuzungulira gasiketi injini ikulira, mukumvetsera ngati kulira kukusintha. Ena amafayira carb cleaner, ndipo imaonetsadi msanga, koma imayaka moto. Ngati mwasankha imeneyo, injini isakhale yotentha kwambiri, mufayire pang'onopang'ono kutali ndi ekizozi ndi makoyilo, chozimitsira moto chili pafupi.

Geji ya vacuum imathandizanso, bola mukumbukire kukwera kwa malo. Mabuku amati injini yabwino imaonetsa 17 mpaka 21 inHg pa idle, koma muyezo umenewo ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Umatsika ndi pafupifupi 1 inHg pa mamita 300 alionse okwera. Lilongwe ndi Blantyre zili cha pa mamita 1,000, Lusaka ili pamwamba kuposa apo, choncho 15 kapena 16 wokhazikika kumeneko si chizindikiro cha bowo. Chimodzimodzi sensa ya MAP: kiyi ali pa ON injini isanalire, ku Lilongwe imaonetsa cha pa 90 kPa, osati 101.

7. Phunzitsani kompyuta idle yatsopano

Pofika apa mpweya sukubedwa, kachitseko kakutseka, masensa akunena zoona ndipo ma code afufutidwa. Batire likhale lamphamvu, injini ndi giyabokosi zikhale zotentha, zamagetsi zonse zozimitsa. Ngati sikana yanu ili ndi gawo la idle relearn, gwiritsani ntchito limenelo.

Pa Toyota, zulani mafyuzi a EFI ndi ETCS, kapena waya wa negativu wa batire, kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo. Bwezerani, ikani kiyi pa ON kwa masekondi angapo osagunda pedulo, lizani injini, itenthe kupitirira madigiri 80, ndipo muisiye pa idle kwa mphindi zingapo. Ikakhalabe pamwamba pang'ono, yendetsani galimoto mukuima kawirikawiri, n'kumaisiya pa idle kwa theka la mphindi nthawi iliyonse. Dziwani kuti kuchotsa batire kumafufuta wotchi, ndipo mawailesi ena a ku Japan amafuna khadi kapena nambala yachinsinsi kuti ayakenso. N'chifukwa chake mafyuzi ndiwo abwino.

Pa Honda, gwirani injini pa 3,000 rpm ili pa P kapena N mpaka fani ya redieta italira, kenako isiyeni pa idle kwa mphindi 5 osagunda pedulo. Nthawi yomwe fani ikulira musaiwerengere m'mphindi zimenezo.

Nissan ndiyo imavutitsa anthu, chifukwa kuchotsa batire kokha kawirikawiri sikuthandiza, ndipo ndondomeko yake imafuna wotchi yowerenga masekondi. Madzi akhale pakati pa madigiri 70 ndi 95, batire lipose 12.9 V injini ikulira, chiwongolero chowongoka. Phazi lili kutali ndi pedulo, ikani kiyi pa ON masekondi 2, zimitsani masekondi 10, ndipo mubwereze kachiwiri. Kenako ON n'kuzimitsa, mudikire masekondi 10 mukumvetsera kachitseko kakuyenda kokha. Lizani injini itenthe, muizimitse masekondi 10. Tsopano ikani kiyi pa ON, dikirani masekondi 3, pondani pedulo mpaka pansi n'kusiya kasanu m'masekondi 5. Dikirani masekondi 7, pondani mpaka pansi n'kugwira pomwepo pafupifupi masekondi 20. Getsi la check engine liyamba kuphethira, kenako liyaka osaphethira. Likangotero, siyani pedulo pasanathe masekondi 3, lizani injini, idikireni masekondi 20, muponde moto kawiri kapena katatu n'kuona pomwe idle yakhazikika. Getsi likapanda kuphethira, mwaphonya masekondi: zimitsani kwa mphindi imodzi muyambirenso.

Pa Volkswagen monga Polo, throttle imaphunzitsidwa ndi sikana, kiyi ali pa ON injini isanalire. Pa zambiri zakale zamagetsi ndi gulu 060 la basic settings, ndipo mumamva kachitseko kakuyenda kwa masekondi angapo.

8. Ikakanabe

Nissan imakana kuphunzira ngati idle ili pamwamba kwambiri poyambira. Amakaniko ena amazula soketi ya injector imodzi kapena ziwiri kuti injini itsike, amayambitsa kuphunzitsa pa sikana, kenako n'kubwezera ndi kufufuta ma code obwera chifukwa cha zimenezo. Muzule injector, osati koyilo, chifukwa petulo wosapsa amawononga catalytic converter.

Pa ya kebulo, ganizirani valavu ya IAC. Potsuka, mwaye wosungunuka umatsikira m'menemo n'kuuma, valavu n'kukanirira yotseguka. Ichotseni, muitsuke payokha mbali yamagetsi ili m'mwamba kuti mankhwala asalowemo, iume bwino, muikenso ndi gasiketi yatsopano. Musakoke kapena kupotokola nsonga yake ndi dzanja. Sensa ya MAF nayo ioneni ngati mankhwala otsukira throttle anaifikira: imatsukidwa ndi mankhwala akeake okha, osaikhudza ndi nsanza, ndipo pa injini ya malita 1.5 mpaka 2.0 yotentha imaonetsa cha pa magalamu 2 mpaka 3 pa sekondi.

Throttle body isinthidwe pokhapokha mwaona chimodzi mwa izi: shafti yogwedera, mpata woonekera pa tochi, timagiya tokukuta, kapena code ya P2135 kapena P2111 yobwerera mawaya ndi soketi zili bwino. Pogula yakale kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasula, yerekezani nambala yolembedwa pa throttle body yanu, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa injini imodzi imatha kukhala ndi mitundu iwiri yosiyana soketi. Muone ngati penti ya pa kabawuti ikadalipo, mugule gasiketi yatsopano, ndipo mukamanga mubwerezenso ndondomeko ya gawo 7 kuyambira pachiyambi.